Chimene chimatembenuza wosewera: nyonga, nthaka ndi mabuleki a m'miyendo

Pafupifupi m'timu iliyonse mumapezeka mnyamata amene pa mpikisano wothamanga mowongoka palibe womupitirira, koma mdani akamuchenga amapitirira ngati wasochera, n'kubwerera mpira utapita kalekale. Mumapezekanso wina amene pothamanga amatsalira, koma mdani akhote chotani iye amakhala ali pompo. Makochi akafuna kuthandiza woyambayo amasiyana maganizo. Ena amati apite ku jimu akanyamule zitsulo kuti miyendo ikhwime. Ena amati zitsulo zimaumitsa thupi ndi kulemeretsa munthu, choncho angomuikira makoni azizungulira. Mbali zonse ziwiri zili ndi zifukwa zake, ndipo kuti munthu aziweruze bwino ayenera kudziwa kaye chimene chimachitika pakati pa phazi ndi nthaka wosewera akamatembenuka.

Kukhota kokonzekera ndi kukhota kwa m'masewero

Kwa zaka zambiri akatswiri a zamasewero ankaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Mu 2006, Jeremy Sheppard ndi Warren Young a ku Australia analemba nkhani yomwe inazilekanitsa, ndipo ambiri amatsatira maganizo awo mpaka lero. Choyamba ndi kusintha njira pamene munthu akudziwiratu pokhotera: wauzidwa kuti athamange mpaka pa koni, atembenuke, abwerere. Apa ntchito ndi ya thupi. Chachiwiri ndi kusintha njira kapena liwiro chifukwa cha chimene maso aona: mdani wapendeketsa phewa, mpira wagunda mwendo wa wina n'kupatuka. Apa thupi limagwira ntchito yomweyo, koma limadikira maso ndi ubongo.

Nkhani ya nyonga imakhudza kwambiri choyambacho. Ndi bwino kusunga mfundo imeneyi, chifukwa mikangano yambiri imayamba pamene wina akunena za makoni, mnzake akunena za masewero enieni.

Kukhota sikachinthu kapatalipatali m'bwalo. Jonathan Bloomfield ndi anzake ataunika mavidiyo a osewera a Premier League ya ku England, analengeza mu 2007 kuti wosewera mmodzi amatembenuka kapena kupatuka maulendo oposa 700 pa masewero amodzi, ndipo kochuluka kumakhala kosapitirira madigiri 90.

Phazi limakankha, nthaka imabwezera

Munthu sangasinthe njira ali m'malere. Chimene chimamutembenuza ndi nthaka. Isaac Newton anafotokoza mu 1687 kuti chinthu choyenda chimapitirizabe njira yake mpaka mphamvu ina itachikankha, komanso kuti ukakankha chinthu, nacho chimakukankha ndi mphamvu yofanana. Wosewera wofuna kupita kumanzere amaponda phazi lamanja kunja n'kukankhira nthaka kumanja, ndipo nthaka imamubwezera kumanzere.

M'nkhani ino nyonga ndi zimene minyewa ya munthu ingakwanitse ikapatsidwa mpata wonse, monga kulemera kwa chitsulo chimene angadzuke nacho kamodzi atanyonyomala. Mphamvu ndi kukankha kwenikweni kumene kwafika panthaka pa nthawi ya sitepe. Ziwirizi n'zapachibale koma si chimodzi. Mphamvuyi imayezedwa ndi chipangizo chafulati chokwiriridwa pansi, chotchedwa force plate, chimene chimaonetsa kukula kwa kukankhako, komwe kwaloza, ndi nthawi imene kwatenga.

Masamu ake ndi osavuta. Kuti liwiro la thupi lisinthe pamafunika mphamvu kuchulukitsa ndi nthawi imene mphamvuyo yagwira ntchito. Titenge wosewera wolemera makilogalamu 70 amene akuthamanga mamita 6 pa sekondi. Kuti aime mu theka la sekondi, nthaka iyenera kumukankhira m'mbuyo ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 86, kuwonjezera pa mphamvu yonyamula thupi lake kuti asagwe. Apo wangoima chabe, sanayambe kubwerera. Wosewera yemweyo atanenepa kufika makilogalamu 80, pafunika mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 98 kuti aime mu nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene pali choona m'mantha a makochi okana zitsulo. Chofunika si nyonga payokha koma nyonga poyerekeza ndi kulemera kwa mwini wake. Amene wawonjezera thupi kuposa mmene wawonjezera nyonga wadzichulukitsira ntchito pa kukhota kulikonse. Amene wawonjezera nyonga thupi lili chimodzimodzi wapindula.

Kukhota kumayamba ndi kuima

Tikamaonera mpira maso athu amakonda kuona kutuluka, pamene wosewera wachoka ngati muvi n'kusiya mdani. Koma gawo lovuta, lomwenso limasiyanitsa osewera kwambiri pa kukhota kwakukulu, limachitika zimenezo zisanafike. Ndi mabuleki.

Taganizirani wakabaza wanjinga amene wanyamula matumba awiri a chimanga, akutsika mtunda umene kumunsi kwake kuli kona. Miyendo yake ikhale yamphamvu chotani popalasa, sizimuthandiza pa konapo. Ngati mabuleki ake ndi ofooka, ayenera kuyamba kuchepetsa liwiro akadali kutali, apo ayi apitirira n'kugwera m'ngalande. Mnzake wa mabuleki abwino amatsika ndi liwiro mpaka pafupi, n'kumanga, n'kukhota. Ndipo pali lamulo lowawa: liwiro likachuluka kawiri, mtunda wofunika kuti uime ndi mabuleki omwewo umachuluka kanayi. N'chifukwa chake wosewera wothamanga kwambiri ndi amenenso amafunika mabuleki amphamvu kuposa anzake. Liwiro lake lomwe limamupatsa ngongole yaikulu yoti abweze pa kona.

Mabuleki a munthu ndi minyewa imene ikugwira ntchito uku ikutanuka. Mnyewa umagwira ntchito m'njira zitatu. Umafupika, monga pamene ntchafu zikukudzutsani pampando. Umalimba osasuntha, monga pamene mukukankha khoma. Ndipo umalimba uku ukukokedwa n'kumatalika, monga pamene mukukhala pampando pang'onopang'ono osadzigwetsa. Njira yachitatuyi akatswiri amaitchula kuti eccentric, ndipo ndiyo imaimitsa munthu wothamanga. Minyewa ya kutsogolo kwa ntchafu imaletsa bondo kupindika mwadzidzidzi, ya m'matako ndi kuseri kwa ntchafu imagwira chiuno kuti thunthu lisagwere kutsogolo.

Mbiri ya chidziwitsochi ndi yosangalatsa. Mu 1938, A.V. Hill wa ku London, poyesa minyewa ya achule, anaonetsa kuti mnyewa ukamafupika mofulumira mphamvu yake imachepa. Chaka chotsatira Bernard Katz anaonetsa mbali inayo: mnyewa wolimba ukamakokedwa umakana ndi mphamvu yoposa imene ungatulutse uli chiimire. Mu 1952, Abbott, Bigland ndi Ritchie analumikiza njinga ziwiri zosayenda ndi tcheni chimodzi, wina n'kumapalasa, winayo n'kumaletsa. Woletsayo ankagwiritsa ntchito mpweya wochepa kwambiri poyerekeza ndi wopalasa, ngakhale mphamvu ya pa tcheni inali imodzi. Choncho kumanga mabuleki sikupumitsa munthu wefuwefu, koma kumakoka minyewa ndi mphamvu yaikulu, ndipo ndiko kumasiya ntchafu zikuwawa mawa lake ndi mkuja. Damian Harper ndi anzake atasonkhanitsa kafukufuku wa masewero a matimu mu 2019, anapeza kuti mu mpira wamiyendo osewera amachepetsa liwiro mwamphamvu kawirikawiri kuposa mmene amaliwonjezera mwamphamvu. Komabe m'maphunziro ambiri nthawi yochuluka imapita ku kuthamanga, osati ku kuima. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu pakati pa zimene masewero amafuna ndi zimene osewera amakonzekeretsedwa.

Gulu la akatswiri la ku yunivesite ya Salford ku England, momwe munali Paul Jones ndi Thomas Dos'Santos, linaunikira chinthu china chimene maso saona: sitepe yachiwiri kuchokera kumapeto. Munthu akamatembenuka kubwerera kumene wachokera, phazi lomaliza limene amatembenukirapo limaoneka ngati ndilo likugwira ntchito yonse. Koma otembenuka mwamsanga amayamba kumanga mwamphamvu pa sitepe ya m'mbuyo mwake, thupi lidakali lolunjika kutsogolo, bondo ndi chiuno zikupindika momasuka. Akafika pa phazi lomaliza liwiro lambiri latha kale, ndiye phazilo silikhalitsa pansi ndipo limayamba msanga kukankhira njira yatsopano. Mu 2017 gululi linayesa akazi osewera mpira wamiyendo, ndipo amene ntchafu zawo zinali zanyonga pogwira ntchito zikutanuka ankafika pokhotera ndi liwiro lalikulu, n'kulichepetsa kwambiri pa sitepe imeneyi. Ku Australia, Tania Spiteri ndi anzake anapeza zofanana mu 2014 pa akazi osewera basketball: mwa mitundu ya nyonga imene anayeza, ya mabuleki ndiyo inagwirizana kwambiri ndi nthawi ya pa mayeso okhota. Pa mayeso ofuna kuti wosewera aone kaye kenako asankhe kolowera, kugwirizana kumeneku sikunaoneke.

Nthawi ndi ngodya

Mnyewa sufika pa mphamvu yake yonse nthawi yomweyo. Kuchokera pa kumasuka, umatenga masekondi 0.3 kapena kuposerapo. Koma phazi la munthu wothamanga pa liwiro lake lonse limakhala pansi masekondi 0.1 okha. Pa kupatuka pang'ono, kwa madigiri 45 kapena kucheperapo, phazi limakhala pansi pafupifupi masekondi 0.2. Pa kutembenukiratu kwa madigiri 180 limatha kukhala pansi pafupifupi theka la sekondi.

Manambalawa akutiuza kuti kukhota konse sikufuna nyonga ya mtundu umodzi. Pa kupatuka pang'ono wosewera safunika kuima, amasunga liwiro, ndipo chofunika ndi mwendo wolimba umene umalandira thupi n'kulibweza msangamsanga, komanso minyewa yodzuka mofulumira. Nyonga yaikulu imene munthu amaionetsa pokweza chitsulo kwa masekondi angapo ilibe nthawi yotulukira yonse pamenepo. Pa kutembenukiratu nthawi ilipo, liwiro liyenera kutheratu kenako kuyambanso, ndipo apa nyonga yonse ya munthu imaoneka. Dos'Santos ndi anzake anafotokoza mu 2018 kuti ngodya ndi liwiro zimalandana: ngodya ikakula liwiro lolowera liyenera kutsika, ndipo liwiro likakwera ngodya imene munthu angakwanitse imachepa.

Pali chinanso, chomwe ndi kolozetsa mphamvu. Kukankha nthaka molunjika pansi kumadumphitsa munthu m'mwamba koma sikumutembenuza. Chotembenuza ndi kukankha kopingasa. Kuti kutheke, wosewera amatsitsa chiuno, amaponda phazi patali ndi thupi, n'kupendekera kumene akupita. Awiri a nyonga zofanana akhoza kusiyana kwambiri chifukwa wina amadziwa kaimidwe kameneka, winayo amakhota ali chilili. Nthaka nayo ili ndi malire ake. Pabwalo la fumbi kapena la udzu wonyowa, phazi likakankha mopingasa kupitirira mmene nsapato ingagwirire limatsetsereka, ndipo nyonga yotsalayo imapita pachabe.

Mayeso amayeza chiyani?

Chisokonezo china chimachokera ku mayeso enieniwo. Mayeso otchuka a Illinois amathamangitsa munthu mamita pafupifupi 60 mozungulira makoni, ndipo amatenga masekondi 15 kapena kuposerapo. Pa mtunda wotero wopambana nthawi zambiri amakhala wothamanga ndi wopirira, osati wodziwa kukhota. Mayeso a 505, amene Draper ndi Lancaster anayambitsa ku Australia mu 1985, ndi aafupi: munthu amathamanga mamita 10 kuti atenge liwiro, wotchi imayamba, amapita mamita 5, amatembenuka pa mzere, n'kubwerera mamita 5. Ngakhale pamenepo, nthawi imene munthu akutembenukadi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Yotsalayo ndi kuthamanga mowongoka.

Sophia Nimphius wa ku yunivesite ya Edith Cowan mumzinda wa Perth anabwera ndi njira yosavuta yochotsera vutoli. Mumayeza nthawi ya 505, mumayezanso nthawi yothamanga mamita 10 mowongoka, n'kuchotsera. Chotsalacho ndi nthawi imene kutembenuka kwadya. Njirayi imaulula mnyamata uja wothamanga kwambiri: nthawi yake ya 505 ikhoza kukhala yabwino chifukwa liwiro likumubisira, koma chotsala chake n'kukhala chachikulu. Kochi aliyense wokhala ndi tepi yoyezera ndi foni yojambula angathe kuchita zimenezi, ngakhale wotchi ya pamanja siikhala yolondola ngati makina.

Nanga zitsulo zimathandizadi?

Kupeza kuti anyonga amakhota msanga sikutanthauza kuti kuwonjezera nyonga kukhotetsa munthu msanga. Funso lachiwirili limayankhidwa poyesa maphunziro enieni, ndipo mayankho ake ndi osakanikirana.

Mu 2008, Matt Brughelli ndi anzake ataunika kafukufuku amene analipo, anaona kuti maphunziro a zitsulo okankhira m'mwamba ndi miyendo yonse iwiri nthawi zambiri sankasintha nthawi ya kukhota, pamene kudumphira kutsogolo ndi m'mbali, komanso kuphunzira kukhota kumene, kunkathandiza. Ambiri mwa maphunziro amenewo anali a masabata ochepa. Mu 2014, Michael Keiner ndi anzake ku Germany analengeza zotsatira za anyamata osewera mpira amene ankanyonyomala ndi zitsulo kwa zaka ziwiri kuwonjezera pa maphunziro a mpira, ndipo iwo anakhota msanga kuposa anzawo amene ankangosewera mpira. Zikuoneka kuti nthawi ndi yofunika, komanso poyambira pa munthuyo: wofooka amapindula kwambiri ndi nyonga yowonjezera kuposa amene ali kale ndi nyonga zambiri.

Warren Young uja, mu 2001, anagawa anthu pawiri kwa masabata 6, ena kuthamanga mowongoka, ena kuthamanga mokhota. Gulu lililonse linapita patsogolo pa chimene linkachita, koma phindu silinawolokere kwenikweni mbali inayo. Thupi limaphunzira chimene lachita.

Pophunzitsa mabuleki pali chipangizo cha gudumu lolemera lozungulira, chotchedwa flywheel, chimene Hans Berg ndi Per Tesch a ku Sweden anakonza m'zaka za m'ma 1990 poganizira opita m'mlengalenga, kumene zitsulo sizilemera. Munthu amakoka lamba, gudumu n'kuzungulira, kenako gudumulo limamukokera pansi ndipo ayenera kuliletsa. Makalabu ambiri a ku Ulaya amachigwiritsa ntchito. Koma mfundo yake siidalira chipangizocho. Kutsika pang'onopang'ono ndi mwendo umodzi, kudumpha n'kutera osagwedera, kuthamanga n'kuima pa mzere ndi masitepe ochepa, zonsezi zimaphunzitsa mnyewa kugwira ukutanuka.

Bondo limalipira

Pali vuto limene aliyense wophunzitsa kukhota ayenera kulidziwa. Zina mwa zinthu zimene zimakhotetsa munthu msanga, monga kulowa ndi liwiro lalikulu ndi kuponda phazi patali m'mbali, ndi zomwenso zimapanikiza bondo. M'kati mwa bondo muli mtsempha wotchedwa ACL umene umaletsa fupa la msongolo kutsetserekera kutsogolo ndi kupotokola. Kuduka kwake kochuluka kumachitika popanda kugundidwa ndi munthu, pokhota, poima kapena potera. Akatswiri a ku Oslo ataunika mavidiyo a akazi ovulala mu handball ndi basketball, analengeza mu 2010 kuti mtsemphawu umaduka pafupifupi masekondi 0.04 phazi litangokhudza pansi. Nthawi imeneyi ndi yochepa kwambiri moti minyewa siingadikire kumva ngozi kenako n'kudzuka. Iyenera kukhala italimba kale phazi lisanatere. Thor Besier ndi anzake ku Australia anaonetsa mu 2001 kuti munthu akakhota modzidzimutsidwa bondo limapanikizika m'mbali kwambiri kuposa pamene wadziwiratu.

Akazi amavulala mtsemphawu kawirikawiri kuposa amuna pa masewero ofanana, ndipo mpira wamanja wa ntchemberembaye ndi umodzi mwa masewero oopsa pa bondo, chifukwa lamulo la mapazi limakakamiza wolandira mpira kuima pomwepo, ngakhale abwere ndi liwiro lotani. Okonda Malawi Queens amakumbukira mmene Mwai Kumwenda anadukira mtsempha umenewu mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens, n'kukhala kunja kwa bwalo kwa miyezi yambiri.

Chotonthoza n'chakuti kumanga mabuleki msanga, pa sitepe ya m'mbuyo ija, kumathandiza mbali zonse: kumafupikitsa nthawi ndipo kumapeputsira phazi lomaliza katundu. Ndondomeko yotenthetsa thupi ya FIFA 11+, yomwe ili ndi zolimbitsa ntchafu, kuima ndi mwendo umodzi, kutera ndi kukhota moyenera, itayesedwa pa atsikana osewera mpira ku Norway, zotsatira za mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Siifuna jimu, imangofuna mphindi 20 ndi kochi woyang'anitsitsa mawondo a ana ake.

Mafunso amene akatswiri akulimbana nawo

Loyamba ndi la malire. Ena amati wosewera azitha kunyonyomala ndi chitsulo cholemera kawiri kuposa thupi lake, ena amati kupitirira mlingo wina nthawi ya m'jimu ikanagwira ntchito yabwino m'bwalo. Sanagwirizane kuti mlingowo uli pati, kapena ngati ndi umodzi kwa wotchinga kumbuyo wamtali ndi wosewera m'mphepete wamng'ono thupi.

Lachiwiri, lomwe ndi lalikulu, ndi la kuwoloka kuchoka pa makoni kupita m'masewero. Pa mayeso ofuna kuwerenga thupi la mdani, osewera a m'magulu apamwamba amasiyana ndi anzawo momveka bwino kuposa pa mayeso a makoni. Wotchinga amene waona msanga kumene chiuno cha mdani chaloza amayamba kumanga mabuleki msanga, ndipo safunika mphamvu yochuluka ngati amene wachedwa kuona. Kodi kuchotsa masekondi 0.1 pa mayeso a 505 kumabweretsa mipira ingati yolandidwa Loweruka? Kuyeza zimenezi n'kovuta, chifukwa m'masewero simupezeka kukhota kuwiri kofanana.

Palinso funso la kusiyana kwa miyendo. Osewera ambiri amakhota bwino mbali imodzi, koma kafukufuku sagwirizana ngati chifukwa chake ndi kusiyana kwa nyonga kapena chizolowezi, ndiponso ngati kulinganiza miyendo kumasintha kaseweredwe. Ndipo ambiri mwa mayesowa anachitikira pa anthu ochepa, m'zipinda zoyesera za pansi posalala, ku Australia, ku Ulaya ndi ku America. Mmene zotsatirazo zimasinthira pa bwalo louma lolimba, pa nsapato zakutha, kapena mu mphindi ya 80 pamene ntchafu zatopa, ndi nkhani imene kafukufuku wake akadali wochepa.